Mkaka Sufika M'mapapo

Nthawi inali itangokwana folo koloko madzulo, Lachitatu lina m'mwezi wa Okutobala. Kunja kunali kukutenthabe, ndipo mphepo youma inkauluza timajumbo m'misewu ya ku Chiputula, mumzinda wa Mzuzu. Kuseri kwa nyumba yawo, Tiyanjane anali atagwada pambali pa beseni, akuchapa yunifolomu ya mlongo wake mothamanga. Anali atataya kale madzi kawiri, koma achitatu nawonso anatuwa ngati phulusa.

Mlongo wakeyo, Chris, anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anakhala pakhonde atangomusambitsa kumene, akutikita m'maso mofiira.

"Asisi, pakhosi pakundiyabwa."

"Imwa madzi. Ndipo wamva zimene ndakuuza? Adadi akafunsa, tinangochoka kusukulu n'kubwera kuno."

"Koma si tinapita kuja..."

"Chris! Ukufuna andilande foni? Lumbira kuti sunena."

Mwanayo ananyambita chala, n'kuchidutsitsa pakhosi, kenako n'kuloza kumwamba. Atatero anatsokomola kwa nthawi yaitali.

Nkhani inayamba Lolemba la sabata lomwelo. Nyumba yosanja katatu imene inkamangidwa kufupi ndi msika inagwa mbali imodzi dzuwa lili paliwombo. Mwamwayi amisiri onse anali atapita kukadya, ndipo palibe amene anafa. Kusekondale kumene Tiyanjane ankaphunzira Fomu 2 nkhani inali yokhayo. Aliyense anali ndi chithunzi pafoni kupatula iye.

"Iwe wa ku Dedza," anamuseka mnzake Keziya, "ukukhala pafupi chomene koma sunakaone? Ukuopa vichi?"

Tiyanjane sankaopa nyumbayo. Ankaopa bambo ake, a Kachingwe. Iwo anali kalaliki mu ofesi ina ya boma, ndipo anasamutsidwira ku Mzuzu kuchokera ku Dedza patangopita chaka mayi a anawo atamwalira. Sankakalipa, sankamenya, koma anali ndi lamulo limodzi: ukaweruka, katenge Chris kupulaimale, nonse mulunjike kunyumba. Foni yawo yakale yosweka galasi anamupatsa kuti aziwaimbira akafika.

Lachitatu kunamveka kuti kukubwera katapila kudzagwetsa khoma limene linatsala chiimire. Tiyanjane anatenga Chris kusukulu monga mwa masiku onse, koma pamphambano anakhotera kumsika. Anthu anali ataunjikana kuseri kwa chingwe chimene anamanga kuti munthu asadutse. Ataona kuti sakuona bwino, anagwira mlongo wake padzanja n'kuwerama pansi pa chingwecho, nakaima kuseri kwa mulu wa njerwa.

Khoma linagwa ndi chiphokoso. Pansi pake panali matumba a simenti ndi laimu amene anatsalira, ndipo onse anaphulika. Nthawi yomweyo mphepo inatembenuka. Chifumbi choyera chinawakuta moti sankaonanso ngakhale katapila uja. Tiyanjane anatseka mphuno ndi kolala ya bulauzi yake, dzanja linalo lili m'mwamba ndi foni, akujambula vidiyo. Chris analibe chotsekera. Ankangokoka siketi ya mchemwali wake.

Madzulo amenewo vidiyo ija anaiika pa sitetasi, atayamba wabisa kuti bambo ake asaione. Anzake anaiyamikira kwambiri. A Kachingwe atafika anamva mwana akutsokomola, anamukhudza pachipumi n'kunena kuti mwina ndi chimfine.

Lachinayi chifuwa chinakula. Chris anapita kusukulu, koma pobwerera ankaima pafupipafupi. Tiyanjane anachotsa vidiyo ija pa sitetasi. Madzulo anaona a Mhango, oyandikana nawo nyumba, akutsuka fosholo pampopi. Iwo anali mmisiri womanga nyumba, munthu wansangala wa imvi m'ndevu, amene ankayankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka.

"Mwatandala uli, a Mhango?"

"Natandala makora, mwana wane. Chitumbuka chikukhala bwino tsopano, eti?"

"Pang'ono. Ndimati ndifunse. Kusukulu atipatsa funso. Munthu akapuma fumbi la simenti, amatani?"

"Aa, funso lophweka chomene! Mkaka basi. Ife tikakhuthula matumba a simenti tsiku lonse, aliyense paketi yake ya mkaka. Fumbi lonse limatsika. Ukawauze aphunzitsi kuti wanena Mhango, amene wamanga theka la nyumba za ku Nkhorongo."

Anaseka, ndipo kusekako kunathera m'kutsokomola.

Tiyanjane anathamangira kugolosale. Anamwetsa Chris paketi yathunthu kuseri kwa nyumba, n'kukwirira pepala lake pansi pa zinyalala. M'mawa mwake anamumwetsanso ina. Mtima wake unakhala pansi pang'ono. Ankadziuza kuti tsopano akuchitapo kanthu.

Lachisanu masana a Kachingwe anapempha kuweruka msanga ndipo anatenga ana onse awiri kupita kuchipatala chaching'ono cha m'dera lawo. Anamubaya Chris pachala, malungo sanapezeke. Dokotala anamvetsera pachifuwa n'kufunsa kuti, "Mwanayu sanakhale pamalo a utsi kapena fumbi lambiri masiku ano?"

A Kachingwe anatembenukira kwa mwana wawo wamkazi. "Amene amakhala naye masana ndi uyu. Tiya?"

Tiyanjane anayang'ana kalendala imene inali pakhoma. Anamva maso a Chris ali pa iye.

"Ayi," anatero. "Timangokhala pakhomo."

Dokotala analemba mankhwala a chifuwa m'buku la Chris, nawauza kuti akaona kupuma kukuvuta asachedwe, athamangire kuchipatala chachikulu.

Loweruka cha m'ma naini m'mawa Tiyanjane ankatsuka mbale pamene anamva kaphokoso kachilendo m'chipinda chochezera, ngati kamphaka kakulira patali. Atalowa anapeza Chris atakhala pampando, atawerama, manja atatsamira pamaondo. Kaphokosoko kankachokera m'chifuwa mwake. Akamakoka mpweya, khungu la pakati pa nthiti linkalowa m'kati.

"Asisi... ndi... kulephera..."

Sanathe kumaliza.

"Adadi!"

A Kachingwe anatuluka kuchipinda ali ndi sopo wometera tsaya limodzi. Anangoyang'ana kamodzi, n'kumunyamula mwanayo. A Mhango atamva kukuwa anathamangira kumsewu opanda nsapato n'kukaimitsa takisi.

Kuchipatala chachikulu sanawaimike pamzere. Namwino atangomuona Chris anawalowetsa m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Anamupana chala ndi kachipangizo koyeza mpweya m'magazi, ndipo atawerenga manambala anaitana dokotala mofuula. Anabwera mayi wamfupi wovala magalasi, a Nyirenda. Posakhalitsa Chris anali ndi chophimba pamphuno ndi pakamwa, cholumikizidwa ku makina amene ankatulutsa nthunzi ya mankhwala. Anamuikanso timapaipi ta okosijeni.

Patapita mphindi zingapo mapewa a mwanayo anayamba kutsika. A Nyirenda anakoka mpando n'kutsegula buku lake lachipatala.

"Bambo, mwanayu anadwalapo mphumu?"

"Ayi, adokotala. Chibadwire."

"Kumtundu kwanu kapena kwa mayi ake?"

"Sindinamvepo."

"Alipo amene wakhala akutsokomola nthawi yaitali pakhomo? Ngati alipo, tiyenera kuyeza chifuwa chachikulu."

"Palibe."

A Nyirenda anagogoda cholembera pabuku. "Njira za mpweya za mwanayu zatupa ngati kuti pali chimene chazipsereza. Zotere sizingoyamba zokha. M'bukumu alemba kuti sanakhale pa utsi kapena pa fumbi. Taganizaninso bwino."

A Kachingwe anavula magalasi awo n'kuyamba kuwapukuta ndi kunsi kwa malaya, pang'onopang'ono. Sopo uja anali ataumira patsaya.

"Lachiwiri magetsi anazima," anatero motsitsa mawu. "Ndinaphikira pambaula m'khitchini. Kunja kunali mphepo, ndiye ndinatseka chitseko. Mwanayu anali pomwepo, akulemba homuweki." Anameza malovu. "Dzulo sindinazikumbukire. Ndiye kuti ndamupweteka ndine."

Tiyanjane anali ataima kumiyendo kwa bedi. Nkhope yake inatentha.

Pamenepo Chris anamukodola ndi chala. Tiyanjane anawerama. Mwanayo anakankhira chophimba chija pambali n'kunong'ona, akupumira pakati pa mawu.

"Asisi... sindinanene."

Namwino anabwezeretsa chophimbacho msanga. Tiyanjane anaimirira. Anapisa m'thumba la siketi, natulutsa foni, n'kuipereka kwa a Nyirenda ndi manja awiri.

"Si mbaula, adokotala. Taonani izi."

Vidiyo inayamba. Munaoneka katapila, khoma likupendekeka, kenako kuyera kokhakokha. Foniyo inali yokweza mawu, ndipo onse m'chipindamo anamva. Munamveka kutsokomola kwa mwana, ndi kamawu kakuti, "Asisi, tiyeni. Asisi, tiyeni kunyumba." Kenako munamveka mawu a Tiyanjane, omveka bwino, akuseka: "Tadikira iwe, ukundigwedeza dzanja!"

Vidiyoyo inali ya mphindi imodzi ndi theka. Palibe amene anaiimitsa. Mayi wina amene ankadikirira mwana wake pabedi loyandikana nalo anapukusa mutu n'kuyang'ana kumbali. Tiyanjane anayang'ana zala za kumapazi kwake. Sanayerekeze kuyang'ana bambo ake.

A Nyirenda anabweza foni. "Izi ndi zimene ndimafuna kudziwa. Linali liti?"

"Lachitatu."

"Fumbi lake la chiyani?"

"Simenti ndi laimu. Matumba anaphulika."

"Iweyo sukutsokomola?"

"Ndinatseka mphuno." Mawu amenewa anatuluka movuta kuposa ena onse.

"Kunyumba mwamupatsa chiyani, kupatula mankhwala a dzulo?"

"Mkaka. Mapaketi awiri. Ndinamva kuti umatsitsa fumbi."

Namwino anatseka pakamwa ndi dzanja. A Nyirenda sanaseke.

"Amisiri onse a mu Mzuzu muno amandiuza zomwezo. Tamvera, mtsikana. Pakhosi pali njira ziwiri. Ina imapita m'mimba, ina m'mapapo. Mkaka umadzera iyi, fumbi linadzera iyo. Sizikumana. Ukanamumwetsa ngakhale ng'ombe yathunthu, mapapo sakanadziwa n'komwe." Anayamba kulemba. "Simenti ndi laimu zikakhudza ponyowa zimaotcha. Zamutupitsa m'kati, n'chifukwa chake mpweya ukudutsa movutikira. Timupatsa mankhwala ochepetsa kutupako, tipitiriza nthunziyi, ndipo timujambula pachifuwa kuti tione ngati sipanalowe matenda ena. Agonekedwa."

"Achira?" anafunsa a Kachingwe.

"Ndikuyembekeza choncho. Mwafika naye nthawi isanathe." Anayang'ana Tiyanjane pamwamba pa magalasi. "Ukananena dzulo, bwenzi mankhwala awa atayamba dzulo. Sindikukukalipira. Ndikungokuuza mmene zilili."

Atamusamutsira Chris kuwodi ya ana, bambo ndi mwana wawo wamkazi anakhala pabenchi panja. Anthu ankadutsa ndi mabasiketi a chakudya. Tiyanjane anaika foni pabenchi pakati pawo n'kuikankhira kwa bambo ake. Iwo sanaitenge.

"Adadi, pepani."

A Kachingwe anali atamva zimene Chris ananong'ona zija.

"Unamulumbiritsa?"

"Eya."

"Mwana wa zaka seveni." Anapumira m'mwamba. "Wasunga lumbiro lako mpaka mpweya kumuthera."

Tiyanjane analira mwakachetechete, misozi ikugwera pasiketi. Bambo ake sanamutonthoze, komanso sanawonjezere mawu ena. Patapita nthawi anamupatsa mpango wawo wa m'thumba.

"Pukuta. Foniyo tenga, udzaifuna pondiimbira. Pita kunyumba ukatenge bulangeti lake ndi mswachi. Ubweretsenso lezala langa."

Lamulungu masana a Mhango anabwera kudzazonda wodwala, atavala jekete la kutchalitchi. M'manja anali ndi jumbo, ndipo m'jumbomo munali mapaketi awiri a mkaka. Anapeza a Nyirenda akuyendera odwala.

"Monire mose! Ndamubweretsera mankhwala msilikali wathu."

Tiyanjane anaimirira. "A Mhango, funso lija silinali la kusukulu. Ndinakunamizani." Anawafotokozera zonse, mpaka za njira ziwiri za pakhosi.

A Mhango anayang'ana jumbo yawo, kenako dokotala. "Adokotala, zoona? Zaka twente-faifi ine ndikumwa mkaka!"

"Mwakhala mukunenepa chabe, adada," anayankha a Nyirenda. "Mkakawo musiyeni, mwana amwera tiyi. Koma chifuwa chimene ndikuchimva kwa inucho chakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Ichi? N'chakale ichi. Tinazolowerana."

"Mubwere Lachiwiri m'mawa tidzakuyezeni. Ndipo pokhuthula simenti muzivala chotseka pamphuno, osati kudikira mkaka."

A Mhango anakanda m'ndevu. Nthabwala zinawathera. Anakhala pamphepete pa bedi n'kugwira phazi la Chris. "Phepani, mwana wane," anatero. "Mhango wakupusitsani."

Chris anagona m'chipatala masiku atatu. Chithunzi cha pachifuwa sichinaonetse matenda ena. Tsiku lotuluka, a Nyirenda anabwera ndi kampope ka mankhwala opumira ndi botolo lapulasitiki lopanda kanthu, loboola kunsi.

"Amakhala naye masana ndani?"

A Kachingwe anatembenukira kwa Tiyanjane.

"Ndi uyu," anatero bambo ake.

"Sendera kuno ndiye. Ana sadziwa kukoka mankhwalawa bwinobwino, n'chifukwa chake timagwiritsa ntchito botolo. Uyambe wakhutchumula kampopeka. Ukalowetse pabowo apa. Iye alume kukamwa kwa botolo, milomo itseke bwino. Ufinye kamodzi, apume kasanu, pang'onopang'ono. Kenako ufinyenso. Tayesa."

Poyamba Tiyanjane anaiwala kukhutchumula. Kachiwiri anafinya Chris asanatseke milomo. A Nyirenda anamubwerezetsa mpaka anakhoza katatu motsatizana.

"Chifuwa chake chikhala chosachedwa kupsa mtima kwa masabata angapo, mwina miyezi. Mpira ayambe wasiya. Utsi ayi, fumbi ayi. Mukamva kamluzu kaja ndipo mankhwala sakuthandiza, musadikire kuti kuche kapena kuti wina aweruke. Mubwere naye Lachisanu likudzali ndidzamuonenso."

"Mpira mpaka liti?" anafunsa Chris.

"Mpaka ine nditanena."

Mwanayo anagwetsa nkhope. Timu ya kalasi yake inali ndi masewero sabata lotsatira, ndipo iye ndiye anali goloboyi. Sanayang'ane mchemwali wake. Tiyanjane akanakonda akanamuyang'ana n'kumunena.

Lachitatu m'mawa Chris sanapite kusukulu, ndipo bambo awo anali atamupemphera Tiyanjane chilolezo cha tsiku limodzi kusukulu kuti akhale naye. A Kachingwe anaima pakhomo atanyamula chikwama chawo, akuonerera mwana wawo wamkazi akukhutchumula kampope, kulowetsa m'botolo, ndi kuwerenga mokweza mpaka kasanu. Atamaliza, iwo anagwedeza mutu.

"Ndapita. Pakachitika chilichonse undiimbire."

"Ndikuimbirani, adadi."

"Chilichonse, Tiya."

"Ndamva."

Anatuluka pageti n'kulowera kumsewu. Tiyanjane anamukhazika Chris m'chipinda chochezera ndi buku lake la masamu, natseka mawindo a mbali ya kubwalo. Kenako anatunga madzi m'ndowa, nawaza ndi dzanja pabwalo ponse mpaka dothi linada. Atatero anatenga tsache n'kuyamba kusesa, kuyambira kugeti.